Kanyama ka m'botolo: moyo wa Bambo Vitalis Nsona, telala wa pakhonde

Bambo Mfumu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa malemu Bambo Vitalis Nsona m'kalata ya parishi yathu ino, ndinayamba ndakana. Mbiri za anthu opembedza ndawerenga zambiri m'zaka zimene ndinakhala kunja, ndipo zambiri zimanunkha sopo: munthu amachapidwa atamwalira mpaka mkazi wake yemwe sangamuzindikire. Ndinavomera atandilola kufunsa mafunso. Ndafunsa mayi a kunyumba kwawo, Mayi Daisy; ndafunsa mlamu wawo, a Kingstone; ndafunsanso a Bhupendra, eni sitolo ya nsalu ku Limbe imene malemuwa ankasokera pakhonde pake. Pamene anthu atatuwa akusiyana ndinena. Pamene ineyo sindikukhulupirira ndinenanso.

A Vitalis anabadwira kufupi ndi Chiromo, kuchigwa cha Shire, mu 1941. Makolo awo ankalima thonje. Ali aang'ono madzi osefukira anatenga nyumba ndi mbuzi zonse, ndipo banja linakabisala kumishoni, kumene mwanayo anabatizidwa n'kuphunzira kusoka kwa m'bulazala wina wokalamba, mmodzi wa amuna odzipereka kwa Mulungu a pamishonipo. Ndauzidwa kuti ali mwana ankagawira anzake chakudya chake. Izi amanena za aliyense amene wamwalira, choncho ndazisiya. Chimene ndatsimikiza n'chakuti anakwera sitima kubwera ku Limbe asanamere ndevu, atanyamula sizasi ndi kolona, ndipo bambo awo a Bhupendra anawapatsa malo pakhonde.

Achinyamata sakudziwa kuti khonde linali chiyani. Munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo, telala n'kumuyeza pomwepo, madzulo n'kudzatenga diresi kapena kabudula wa sukulu. Makinawo anali opalasa ndi miyendo. Limbe wa masiku amenewo anali wosesedwa, ndipo sitima ikalira tinkadziwa nthawi. Tinali ndi mantha, inde, tinkayankhula chonong'ona, koma mipope inkatuluka madzi. Lero ndabwerako ndapeza makonde adzaza kaunjika, ngalande zadzaza mapepala apulasitiki, ndipo mwana woitanira minibasi akundikoka malaya n'kumanditcha "madala". Pa zonse zimene ndinasiya, chimene ndinachipeza pamalo pake ndi a Vitalis okha, koma ndinawapeza ndi mwendo umodzi.

Ndisanafike pa za mwendowo, ndinene za zaka za pakati. Anakwatira Mayi Daisy a ku Nsanje, namanga nyumba ku Chilobwe. Misa ya m'mawa sankaiphonya, ndipo izi wandiuza ndi munthu amene si Mkhristu: a Bhupendra akuti ankanyansidwa chifukwa telala wawo ankafika mochedwa kuposa matelala a makonde ena onse. Nsalu za paguwa za tchalitchi chathu, mikanjo ya otumikira pa Misa, ndi nsalu zokutira mabokosi a maliro a anthu osauka a m'limana lawo, kagulu ka Akhristu oyandikana nyumba, zonse ankasoka iwo osauza munthu. M'zaka zoyamba za matipate anaika m'manda ana awo aamuna awiri, wina chaka chino wina chaka chinzake, ndi matenda aja amene tinkaopa kuwatchula. Anatsala ndi mwana wamkazi mmodzi, Zione. Mayi Daisy akuti pa maliro achiwiri munthu wina anawanong'oneza dzina la amene walodza anawo, ndipo a Vitalis anangoyankha kuti, "Ana anga ndawasambitsa ndekha. Ndikudziwa chimene chawatenga."

Chotupa chinayamba mu 2002, kuseri kwa ntchafu ya kumanja, pamwamba pa bondo. Sichinkapweteka. Ankachimva akakhala pampando wosokera, ngati wakhalira ndimu. Chifukwa sichinkapweteka, anachisiya. Chitakula ngati papaya wamng'ono, a Kingstone, mchimwene wawo wa Mayi Daisy, amene ankagwira ntchito yoyeza nsalu m'sitolo momwemo, anawatemera mphini n'kupakapo mankhwala a kwawo. Sichinaphwe. Anafuna kuchiboola ndi lezala ngati chithupsa, koma a Bhupendra, ataona telala wawo akupalasa makina ndi mwendo umodzi, anawakweza pagalimoto yawo n'kupita nawo kuchipatala chachikulu.

Dokotala wa mafupa anachigwira, nafunsa ngati chikupweteka. Atamva kuti ayi, nkhope yake siinasangalale. Anafotokoza kuti chithupsa chimatentha, chimapweteka, kenako chimaphulika. Koma chotupa chozama, cholimba, chokula mwezi ndi mwezi mwakachetechete, sichiboolidwa, pakuti kuchiboola n'kuchimwaza. Anawajambula ekisire, ndipo m'mphepete mwa fupa munaoneka ngati mwadyedwa ndi chiswe. Ndiye anati dzina la chotupa silidziwika ndi maso kapena chala. Pafunika kudula kachidutswa kakang'ono m'kati mwake kuti akakaunike ku labu.

Mawu amene dokotalayo ananena m'Chingerezi alibe mlandu. Namwino anawamasulira bwino lomwe: "Atengako kanyama." Koma inu ndi ine tikudziwa kuti m'chinenero chathu kanyama kochotsedwa pa munthu wamoyo kali ndi ntchito imodzi yokha imene tonse tinakula tikuimva: chizimba, chokhwimira chuma. Komanso musaiwale nyengo yake. Anali masiku aja a mphekesera za anamapopa, pamene m'maboma otizungulira anthu ankagona panja m'magulu, ndipo mlendo wonyamula chikwama ankatha kugendedwa.

Kanyamako anakadula Lachisanu. Odwala anali ambiri, moti pamene a Vitalis ankatuluka ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ku labu anali ataweruka. Masiku amenewo kabotolo kotere nthawi zina ankapatsa achibale kuti akapereke okha. Namwino anayang'ana amene ali ndi galimoto, napatsa a Bhupendra, nati akapereke Lolemba m'mawa. Ndinawafunsa a Bhupendra chifukwa chimene sanapite nako kunyumba. Akuti kunyumba kunali zidzukulu zogwiragwira. M'sitolo monse munali malo amodzi okha amene wantchito aliyense sankawakhudza: kashelefu ka pamwamba, kuseri kwa kauntala, pamene pamakhala chithunzi cha mulungu wawo ndi kambale kofukizira lubani. Anakaika pamenepo chifukwa panali pamalo aulemu. Loweruka m'mawa anayatsa lubani monga mwa masiku onse.

A Kingstone analowa kudzayamba ntchito, nakweza maso. Anaona chithunzi cha manja ambiri, utsi ukukwera, ndipo pambali pake kabotolo kolembedwa dzina la mlamu wawo, m'kati muli kanyama koyera kakuyandama. Ndayesa kudziika pamalo pawo. Sindinganame kuti ine ndikanaganiza za labu.

Masana omwewo a Kingstone anafika ku Chilobwe. A Vitalis anali gone pamphasa, ntchafu ili ndi bandeji.

"Alamu, kanyama kanu kali kuti?"

"Kakupita ku labu Lolemba."

"Labu yake ndi ya pashelefu? Ndakaona ndi maso angawa. Akukafukizira."

Mayi Daisy anakhala pansi. "Bambo a Zione, munthu uja anakunyamulani pagalimoto yake. Zaka zonsezi anayamba wakukwezanipo?"

"Sindinayambe ndadwalapo."

"Anayimirira pamzere tsiku lonse, sitolo atasiyira antchito. Mmwenye kusiya sitolo."

A Vitalis anafunsa kuti, "Alamu, mwauzapo ndani?"

"Palibe. Mlonda yekha."

"Ndiye kuti Limbe yense wamva."

Kabotolo kanaperekedwa Lolemba. Zotsatira zinatenga masabata, monga zinkatengera nthawi imeneyo, ndipo sabata iliyonse yodikira inkawonjezera nkhani. Zitabwera, dokotala anaitana banja. Inali khansa ya m'minofu, ndipo inali itagwira fupa n'kukulunga mitsempha ikuluikulu ya magazi. Anati akanabwera chikadali ngati ndimu, akanachotsa chotupa chokhacho pamodzi ndi mnofu wochizungulira, mwendo n'kutsala. Tsopano njira inali imodzi: kudula pamwamba pa chotupa. Panalinso uthenga wabwino. Ekisire ya pachifuwa inaonetsa kuti matendawo sanafike m'mapapo, kumene khansa yotere imathamangira. Akachedwa, adzafika.

Kwa dokotala nkhaniyo inali yosavuta: mwendo kapena moyo. Kwa a Kingstone inali yosavutanso. "Ayamba ndi kanyama," anatero ali panja pa chipinda, "tsopano akufuna mwendo wonse." Anakonza zoti awatengere kumudzi kwa munthu wodziwa kubweza zoterezi. Mayi Daisy anagwirizana nazo, ndipo sindiwaweruza. Mayi amene waika ana awiri, kenako n'kuuzidwa kuti mwamuna wake, telala wopalasa makina, adulidwe mwendo umene umadyetsa banja, ali ndi ufulu wofuna chifukwa chokhala ndi dzina ndi nkhope. M'limana anagawanika. Ena ankabwera kudzapemphera, pomaliza n'kutsalira kuti anong'oneze: "Pemphero ndi pemphero, koma izi ndi za anthu." Mayina awo ndikuwadziwa, ndipo ena awerenga kalatayi atakhala kutsogolo.

A Vitalis sanayankhe aliyense. Ankangopempha kuti awabweretsere Ukaristia, ndipo tsiku la ulendo wa kumudzi likafika ankati mwendo wawalemera, apite lina.

Tsiku lina m'mawa, mu Januwale, gulu linasonkhana pakhomo pa sitolo: mavenda, oitanira minibasi, ndi anthu ongodutsa amene anamva kuti m'katimo muli botolo la nyama ya munthu. Ena anali ndi miyala. A Bhupendra anatseka chitseko chachitsulo ali m'kati ndi antchito awo. Telala mnzawo wa a Vitalis wa pakhonde loyandikana anatumiza uthenga ku Chilobwe. A Vitalis anadzuka, natenga ndodo, nakwera minibasi Mayi Daisy ali kumsika.

Anadutsa pakati pa gululo, nakhala pampando wawo, navundukula makina. Anachita chizindikiro cha mtanda, nalowetsa ulusi, nayamba kupalasa ndi mwendo wamanzere. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mwini nyama ndi ameneyu.

"Madala," anatero woitanira wina, "anthu akukudyani inu mukusoka."

"Akundidya ndani?"

"Bwana wanuyu."

"Mwanawe, munthu ameneyu ndakhala naye kuyambira ali mnyamata. Sadya nyama. Sanalawepo ngakhale chiwindi cha nkhuku. Lero ayambire pa ntchafu ya telala wokalamba?"

Ena anaseka, ena ayi. Mayi wina anafunsa kuti nanga botolo linkatani pashelefu. A Vitalis anasiya kupalasa, napinda buluku mpaka pamwamba, naonetsa chotupacho, chonyezimira, chokhala ndi zipsera za mphini ndi chilonda cha pamene anadula.

"Botolo labwera posachedwapa. Ichi chinayamba chaka chatha. Amene akuti n'chabodza abwere achigwire."

Palibe anabwera.

"Kanyamako ndinapereka ndekha, ndili maso. Mwendonso ndi wanga, ndipo ndikaupereka ndekha Lachinayi. Amene ali ndi chosoketsa abweretse lero, chifukwa sabata yamawa sindidzakhalapo."

A Bhupendra akuti mawu amenewa ndiwo anabalalitsa gulu. A Kingstone, amene anali m'kati momwemo, akuti kunagwa mvula. Ndafufuza: m'mwezi umenewo mvula inkagwa pafupifupi tsiku lililonse. Owerenga asankhe okha. Chimene onse awiri akugwirizana n'chakuti palibe mwala unaponyedwa, ndipo a Vitalis anakhalabe pakhondepo mpaka madzulo.

Mayi Daisy anamva za Lachinayi kwa anthu a kumsika. Sanawayankhule amuna awo mpaka tsikulo, koma anawaperekeza, atanyamula beseni ndi bulangete. Opaleshoni inayenda bwino. A Kingstone anaumirira kuti mwendowo usatsale kuchipatala, ndipo a Vitalis anapempha madokotala kuti awalole. Anaupereka wokulunga bwino. Kumanda, asanaukwirire, a Kingstone anamasula nsalu n'kuwerenga zala. Zinali zonse. Mwezi womwewo anasiya ntchito kwa a Bhupendra. Ndinawafunsa ngati lero akuvomera kuti analakwitsa. Anati, "Alamu anga anali munthu wa Mulungu, n'chifukwa chake zinthuzo sizinagwire." Umo ndi mmene kukayikira kumakhalira kwathu kuno: wodwala akafa ndi umboni, akachira ndi umboninso.

Ndiwonjezere, kwa amene akufuna kudziwa ngati chizimbacho chinagwira ntchito, kuti sitolo ya a Bhupendra siinalemere. Kaunjika anaidya monga anadyera masitolo onse a nsalu. Lero amagulitsa mabatani, ulusi ndi maambulera.

Chilonda chitapola, a Vitalis anabwerera pakhonde ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, makina atawasintha kukhala opukusa ndi dzanja. Kusoka kunachepa liwiro, ndipo makasitomala ena sanabwererenso. Ankati chovala chosokedwa pakhonde limenelo sichivalika. Iwo sanadandaule. Kuchipatala ankapita nthawi iliyonse imene auzidwa, kukajambulitsa pachifuwa, ndipo chaka ndi chaka mapapo ankapezeka oyera.

Apa ndi pamene panayambira ntchito imene ambiri mukuwakumbukira nayo. Telala amagwira anthu thupi powayeza, ndipo anthu samubisira. Akamva chotupa pansi pa tepi yoyezera, ankafunsa motsitsa mawu: "Ichi chayamba liti? Chikupweteka?" Akamva kuti sichipweteka, ankati, "Chopweteka chimadzinenera chokha. Ine ndimaopa chaulemuchi." Ndipo ankapereka tsiku, n'kumuperekeza munthuyo kwa madokotala a mafupa. Pofika pa kanyama, pamene ambiri ankathawira, ankati, "Botolo lanu ndinyamula ine, inu muzinditsata pambuyo mpaka pawindo la ku labu." Anthu ankamutsata bambo wa mwendo umodzi, kabotolo kali m'thumba la jekete, maso awo ali pathumbapo.

Ndakumana ndi mmodzi wa iwo, Mayi Esha a ku Chinyonga, Msilamu, amene anabwera kudzasoketsa zovala za ukwati wa mwana wawo ali ndi chotupa pamkono. Chinali chikadali chaching'ono. Anachichotsa ndi mnofu wozungulira, ndipo mkono uli nawo mpaka lero. Anandipatsa nawo moni. Ena zotupa zawo zinapezeka kuti ndi mafuta chabe, nabwerako akuseka. Enanso anafika mochedwa, matenda ali kale m'mapapo, ndipo a Vitalis ankakhala pambali pa bedi lawo ndi kolona, kapena opanda kolona ngati wodwalayo ndi wachipembedzo china. Sindinena kuti anapulumutsa khamu. Anthu amene ndawapeza ndi ochepa. Koma alipo, ndipo ali ndi manja ndi miyendo.

Ine nditabwerako ndinakawaona pakhonde. Ndinawadandaulira za Limbe, za fumbi, za ana opanda ulemu, za dziko limene linagulitsidwa ife kulibe. Anandimvetsera akupukusa makina, kenako anati, "Mwabwera ndi jekete yabwino, koma mkono wamanzere ndi wautali. Vulani."

Anakhala zaka zoposa khumi chidulireni mwendo. Chimene chinawatenga si khansa, ndafunsa kawiri. Mtima unatopa. Anagona masabata angapo kunyumba kwawo ku Chilobwe, Zione ndi Mayi Daisy akuwasamala. A Bhupendra anabwera kudzawaona, nakhala pampando pafupi ndi khomo, ndipo awiriwo anakangana pang'ono za chaka chimene denga la khonde linasasuka. A Kingstone anabweranso, koma anasankha tsiku lina. Bambo Mfumu anawadzoza mafuta a odwala Lachitatu m'mawa.

Ndinawauza Mayi Daisy kuti pali chinthu chimodzi chimene sindikukhulupirira m'nkhani yonseyi: kuti munthu angauzidwe zoti nyama yake ikufukiziridwa lubani pashelefu, m'nyengo ngati ija, iye osagwedezeka mtima ngakhale pang'ono. Anati funso limenelo anafunsa iwo eni, masana a Lachitatu lomwelo, anthu atatuluka.

"Bambo a Zione, tandiuzani zoona tsopano. Simunamukayikirepo munthu uja?"

"Ndinamukayikira."

"Liti?"

"Kuyambira pamene alamu analowa pakhomo paja. Mpaka pabedi la opaleshoni ndinali ndikumukayikirabe."

"Nanga bwanji simunanene? Ine ndinkaoneka ngati woipa ndekha."

"Mukanandimva ine ndikunena, mukanatani?"

Mayi Daisy akuti yankho lake onse awiri ankalidziwa. Akanapita nawo kumudzi, ndipo sitolo ikanapsa.

"Chinali chotupa changa china chimenecho," anatero a Vitalis. "Ndinkachionetsa kwa Mulungu yekha. Sindinafune kuchiboola."

Anapempha madzi, namwa pang'ono, natembenukira kukhoma. Zione atalowa ndi phala dzuwa likupendeka, anapeza atapita, dzanja lili pansi pa tsaya.

Tinawaika Lachisanu. Ndalemba zimene ndapeza, ndipo sindinawachape. Anali munthu wokayikira ngati ife tonse, wobadwira m'mantha omwewo, womva mphekesera zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti zikafika pa iwo zinkathera pomwepo. Mzimu wa Bambo Vitalis Nsona, ndi mizimu ya onse amene anawaperekeza pawindo la ku labu koma sanachire, iuse mu mtendere wa Ambuye.